Chinangwa cha a Chiukepo

Jekete la malemu bambo ake linamupeza Chiukepo ku Kings Heath, dera la mumzinda wa Birmingham ku England, nyengo yozizira ili pakati, patapita miyezi chiwaikireni m'manda. Kumaliroko iye sanapite. Uthenga unafika anthu atameta kale, ndipo anadziuza kuti munthu sakwera ndege kukalira pa mtumbira wouma pamene abwana akumudikira Lolemba. Anadziuza zimenezo kangapo, koma mtima wake sunamve.

Pogawana zovala za malemu, alongo ake sanamuiwale. Anamupatulira jekete lofiirira lija, lotha m'zigongono, n'kulipatsira munthu wina amene ankabwera ku Birmingham kudzawonjezera maphunziro a zamalamulo, dzina lake Bishop. Ubishopu wake unathera pa dzina pomwepo. Kumapemphero a Amalawi ankabwerako ndithu, koma ankadziwa kusankha nthawi: ankalowa alaliki akumaliza, amayi akuvundukula mapoto.

Madzulo a tsiku limene analilandira, Chiukepo anapisa dzanja m'thumba lam'kati la jeketelo, napeza kapulasitiki ka shuga komanga mfundo. Munali timbewu tamawangamawanga tosadzaza n'komwe chikhatho. Sanafunse munthu kuti n'chiyani. Anakhala pansi pa masitepe, nayamba kulira maliro amene anawazemba aja.

Bambo ake anali mlimi wa chamba kumapiri a kumtunda kwa Dwambazi, ndipo sanali mlimi wamba. Mbewu yawo ankaisankha okha chaka ndi chaka kuyambira pa unyamata wawo, moti ogula ankalambalala minda ya anthu ena, kukwera phiri thukuta lili kamukamu, kufuna cha mkulu ameneyo basi. Chamba chimenecho ndicho chinamuveka Chiukepo yunifolomu, chinamufikitsa ku yunivesite, mpaka kumukhazika pa mpando wa akauntanti pakampani ina ya ku West Bromwich. Koma iye akafunsidwa kuti makolo amalima chiyani kumudzi, ankayankha kuti fodya, n'kusintha nkhani msanga. Sanasutepo ngakhale ndudu. Anali mlembi wa mpingo wa Amalawi, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka.

Tsono chaka chomaliza cha moyo wa bambowo, apolisi anakwera phiri n'kutentha munda wonse pamodzi ndi nkhokwe. Azichimwene ake a Chiukepo, wina analowa ulimi wa fodya weniweni, wina anatembenuka mtima n'kulumbira kuti sadzagwiranso tsamba la Satana. Mbewu ya mkulu uja inatsala m'kapulasitiki kaja basi, ndipo mbewu ikakhalitsa osabzalidwa imafa. Chiukepo anatsimikiza mtima: abzala kamodzi kokha, akolola mbewu yatsopano, aisunga m'botolo mpaka tsiku lodzabwerera kwawo. Anachita nawo manyazi bambo ake ali moyo. Sakanalolanso kuti mbewu yawo ifere m'manja mwake.

Mkazi wake, Helen, mayi wa mwana wawo Angel, anali mzamba pachipatala china mumzindamo, mayi wosazungulira polankhula.

"Bambo a Angel, mutu ukuyenda bwino? Mukufuna ndiluze registration yanga ya uzamba? Ma police akabwera pano sadzafunsa kuti jekete ndi la ndani."

"Sindisuta, sindigulitsa, mukudziwa inu. Ndikufuna mbewu basi. Chikangobereka ndizula chonse."

"Chibereka liti?"

"Mvula ikasiya."

Helen anaseka mpaka kugwira khoma. "Mvula isiye? Ku Birmingham kuno? Bzalani, bambo, bzalani. Ndiye kuti tili safe."

Koma Chiukepo sankanena zoseka. Kalendala ya bambo ake ankaidziwa pamtima: umabzala ndi mvula yoyamba, chimakula ndi mvula, ndipo mvula ikayamba kudukiza, nthaka n'kumauma pamwamba, chamba chimadziwa chokha kuti nthawi yakwana, n'kuyamba maluwa. Kuphiri kuja lamulo limeneli silinaphonyepo. Anadikira kuti kunja kufunde, nabzala timbewu tija kuseri kwa kashedi, kumapeto kwa kabwalo kawo. Anabzala tonse, osasiyako ngakhale kamodzi, poopa kuti tambiri tinafa kale. Tingapo tinamera, nkhono zopanda zigoba zinadyako gawo lawo, ndipo inatsala mitengo itatu.

Ndiye taonani zimene chinachita chaka cha 1995. Mvula inasiyadi. Ku Birmingham, kumene munthu amapita kukataya zinyalala atanyamula ambulera, thambo linayera kuti mbee sabata ndi sabata, dzuwa likuswa mtengo. Udzu wa m'mapaki unauma, phula linkamata nsapato pa msewu waukulu wa Kings Heath, Azungu ankayenda chifuwa pamtunda atafiira ngati matimati, ndipo a zamadzi analetsa kuthirira ndi mapaipi. Mzinda wonse unkadandaula. Munthu mmodzi yekha ankatsika basi ya ku West Bromwich akumwetulira.

"Kwatentha ngati ku Nsanje," Chiukepo anamuuza Helen. "Nthaka yauma. Week ino chiyamba maluwa, muona."

Sichinayambe. Tsiku lililonse akaweruka ankalowa kuseri kwa kashedi tayi ali pakhosi, atanyamula ndowa ya madzi amene banja lasambira, n'kumapatula masamba ndi zala kufunafuna chizindikiro. Ankapeza masamba ena. Mitengo ija inamufika m'chiuno, inamufika m'mapewa, inapitirira denga la kashedi, kenako inasuzumira pamwamba pa mpanda kuona mmene anthu ena akukhalira.

Woyamba kufunsa anali a Wallace, Mzungu wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, wopuma pantchito, amene moyo wake wonse unatsalira pa nyemba zake zoyanga. Anatsamira mpanda n'kufunsa kuti chomera chokongola chonchi n'chiyani. Chiukepo anayang'ana masamba a mitengo ija. Kenako anakumbukira kuti masamba a chinangwa nawo ali ndi zala, ndipo anayankha kuti ndi chinangwa, chakudya cha kwathu ku Africa. A Wallace anachita chidwi kwambiri. M'mawa mwake anabweretsa nsungwi zochirikizira, masana ake anabweretsa manyowa a akavalo, ndipo Chiukepo akakhala kuntchito, nkhalambayo inkatsanulira madzi ake otsukira mbale kudzera pamwamba pa mpanda. Munthu amene sanaphwanyepo lamulo ngakhale la poimika galimoto anakhala mlimi wa chamba wakhama kwambiri m'dera lonselo.

Mzungu kumunamiza n'kosavuta. Vuto linadza mu Ogasiti, pamene inakwana nthawi yoti banja la mlembi lilandire mpingo. M'nyumba munali motentha moti munthu sakanapempheramo, ndiye mipando inatulutsidwa pabwalo. Chiukepo anayanika mabulangete pa chingwe kuti abise kuseri kwa kashedi, koma mitengo inaima pamwamba pa mabulangetewo, ikugwedeza mitu ngati ikuvomereza ulaliki.

Panali madokotala pamenepo, aphunzitsi, ophunzira za uinjiniya, anamwino, anthu a ku Dedza, a ku Mulanje, a ku Chipata. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene sanachidziwe. Nyimbo yoyamba inayamba mwamphamvu, n'kumazilala pamene maso ankakwera m'mwamba mmodzimmodzi.

"Ndi chinangwa," anatero Chiukepo, wina asanamufunse.

Kenako mayi Deliwe, mkulu wa amayi, anakonza mpango wawo nati, "Chakula bwino chinangwa chanu, a mlembi. Dzanja muli nalo. Koma chigwada chake musatiphikire, ena tili pa night shift."

"Chanunkhira maningi," anawonjezera m'bale wina wa ku Zambia, maso ali pa Baibulo.

Basi, mlandu unathera pomwepo. Kwathu munthu wamkulu akanena kuti ndi chinangwa pakhomo pake, ndiwe yani kuti umutsutse uli ndi mbale yake m'manja? Wotseka ndi pemphero anapempha Mulungu kuti adalitse ntchito za manja a m'bale wathu, ndipo ameni wake anamveka mpaka kumsewu. Bishop yekha sanaseke. Anapita kukaima patsinde pa mitengoyo atagwira manja kumbuyo, ndi ulemu umene sanauonetsepo pa guwa lililonse. Kuyambira tsikulo, Mmalawi aliyense wa m'chigawocho, mpaka a ku Hanley amene sanabwere n'komwe, akakumana ndi Chiukepo ankamupatsa moni, kufunsa za mayi ndi mwana, kenako n'kutsitsa mawu: "Nanga chinangwa chikupita bwanji?"

Helen sizinamuseketse. Alendo atapita anaunjika mbale m'sinki mwaphokoso.

"Pano West Midlands yonse ikudziwa. Munati mvula ikasiya. Yasiya. Munati kukatentha. Tapsa. Chikudikira chiyani, invitation?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi a Angel."

"Nkhono zinadya kale gawo lawo. Mverani: akangobweza mawotchi ndi ola limodzi mu October, monga amachitira kuno, ndikazula ndekha. Ndi manja angawa."

Chimene chamba chinkadikira, Chiukepo anachizindikira ali pa mpando, akukoloweka makatani okhuthala kuchipinda. Helen anawagula chifukwa tulo tinkamuvuta, ndipo ankamupatsira mbedza uku akunyinyirika.

"Dziko lanji lopanda usiku ili? Nthawi yogona kunja kudakali mbee, usanatembenuke dzuwa latuluka kale. Kukanakhala atambala kuno akanapenga. Thupi lidziwa bwanji kuti nthawi yakwana?"

Chiukepo anaima chilili, katani ili m'manja. Anayang'ana pawindo mitengo yake itatu ikusamba kuwala nthawi imene kumudzi anthu amakhala atadya kale n'kuzimitsa nyale. Chamba sichinkawerenga mvula. Sichinkawerenga kutentha. Chinkawerenga mdima. Kuphiri kuja mvula imadukiza nthawi yomweyo imene usiku umayamba kutalika, ndiye bambo ake ankaona mvula n'kulondola chaka chilichonse, osadziwa kuti chomeracho chikumvera china. Kuno dzuwa la ku Nsanje linabwera ndi masana a ku England. Mitengo ija inkaona ngati chaka chikungoyamba, ndipo inalibe chifukwa chofulumirira.

Zimenezi sizinamutonthoze. Usiku wautali kuno umabwera pamodzi ndi chisanu, chija chimene chimayeretsa udzu m'mawa n'kusiya masamba atapsa ngati adutsa pamoto. Chomera cha kwawo sichidziwa kuthamanga, chinazolowera dziko limene palibe chochithamangitsa. Chiukepo anayamba kumvetsera zanyengo pa wailesi ngati mmene ena amamverera mpira, mantha ali tho mumtima.

Mvula inabwerera mu Seputembala, Azungu anavalanso malaya, masiku anayamba kufupika. Ndipo Loweruka lina m'mawa, Okutobala atangoyamba, Helen ali kuntchito, Chiukepo anapatula masamba a mtengo wautali kwambiri uja napeza timipira tating'ono tobiriwira, tolendewera m'mphanda za nthambi. Anayang'ana mitengo iwiri inayo: tiubweya toyera tinali titayamba kutuluka. Iwiri yaikazi, umodzi wamphongo.

Madzi saiwala khwawa. Kumunda kwa bambo ake, ntchito ya ana inali imodzi: kuyenda m'mizere mame asanaume, kusakasaka mitengo yamphongo ndi kuizula timipira tisanatseguke. Chamba chogulitsa chikalandira ufa wa mphongo chimadzaza njere, chimatha mphamvu, ogula amachinyoza. "Mphongo m'munda ndi mbala," ankatero bambo ake, ndipo mwana wophonya umodzi khutu lake linkadziwa. Chiukepo anali katswiri pa ana onse. Maso ake ankaona timipira tija ali patali, ndipo linali dzanja la pamutu pake, osati pa khutu, limene ankalandira pobwerera.

Sanaganize n'komwe. Manja anagwira patsinde, mapazi anaponda mbali ziwiri, msana unakoka, ndipo mtengo wa miyezi yonse ija unazuka ndi dothi lake. Anaugoneka pansi pang'onopang'ono kuti pasagwedezeke kanthu, monga anaphunzitsidwira. Anaudula zidutswazidutswa, nazilonga m'thumba lakuda la zinyalala, namanga pakamwa kawiri, naliponya m'bini. Atamaliza anayang'ana zikhatho zake zobiriwira, zonunkha kwawo, ndipo chimwemwe chinamudzaza mpaka misozi. Kwa nthawi yoyamba chifikireni ku England anamva kuti ndi mwana wa bambo ake. Tsiku lonse anayenda m'nyumbamo akuimba mluzu.

Helen anagwira ntchito mpaka Lamulungu, akubwera wotopa wosafuna nkhani. Ndiye uthenga wabwinowu anaumva Lolemba pa chakudya chamadzulo. Chiukepo anaufotokoza bwinobwino, ndi manja omwe, mmene anauonera mtengowo, mmene anaupezera nthawi yake isanapitirire, mmene bambo ake akanamuyamikirira.

Helen anaika foloko pansi.

"Mwazula wamphongo."

"Ndi mizu yomwe."

"Unalipo umodzi."

"Umodzi wokha, mwamwayi."

"Bambo a Angel," anatero Helen mofatsa kwambiri, ndipo kufatsa kumeneko ndiko kunamuopsa. "Ine za ulimi sindidziwa. Koma pa ward yathu paja sindinalandirepo mwana wobwera popanda bambo. Mbewu mukufunayo ichokera kuti?"

Pamenepo ndi pamene Chiukepo anakumbukira kamunda kena kakang'ono, kutsidya kwa khwawa, kumene bambo ake ankapita okha ndi kukaniza ana kuti asayandikire. Kumeneko mphongo ankazisiya. Kumeneko ndiko kunkachokera mbewu. Ana ankaphunzitsidwa kuzula, ndipo zosunga mbewu zinkadikira kuti mwana akule, akhale pakhomo, aonetse kuti munda ndi wake. Iye pa msinkhu umenewo anali atapita kale kusukulu yogonera komweko.

Anadzuka n'kuthamangira kunja, sokosi zokha kumapazi. Bini inali pamalo pake, chivundikiro chili pambali, mopanda kanthu. Lole ya zinyalala ku Kings Heath inkabwera Lolemba m'mawa, ndipo sabata imeneyo sinachedwe.

Anatsala ndi chiyembekezo chimodzi, chaching'ono ngati timbewu tomwe tija: mwina kampira kamodzi kanali katatseguka kale iye asanafike, mwina mphepo inachita ntchito yake. Anayamba kupempherera chinthu chimene sakanachitchula kumpingo, kuti Mulungu alole kuti tsiku lija iye akhale kuti anachedwa, kuti maso ake akhale kuti anaphonya. Katswiri wa ana onse ankapempha kuti apezeke wolephera.

Mawotchi anabwezedwa. Helen anaona tsikulo likudutsa, mitengo ija sanaikhudze, ndipo chifundo chimenecho chinamupweteka Chiukepo kuposa mkangano. Mitengo iwiri yaikazi ija inachita maluwa ngati ikulipira miyezi yonse imene inazengereza. Nsonga zinanenepa, zinalemera mpaka nsungwi za a Wallace kupindika, zinayamba kunyezimira ndi utomoni. Fungo linadzaza kabwalo, linadumpha mpanda, linafika kumsewu. A Wallace ananena kuti sankadziwa kuti chinangwa chimanunkhira mwamphamvu chonchi, ndipo anafunsa ngati angapatsidweko kambewu chaka chamawa. Chiukepo anati aona.

Wailesi italengeza kuti chisanu chigwa kumapeto kwa sabata, anadula mitengo yonse iwiri nailowetsa m'khichini. Maso ake sanawakhulupirirenso. Anaimbira foni Bishop, amene kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake anafika nthawi isanakwane.

Anatseka makatani masana dzuwa likuwala, nayala nyuzipepala patebulo. Chiukepo sanamuuzepo Bishop chifukwa chimene anabzalira. Mlembi wa mpingo angayambire pati kufotokoza zotere kwa munthu wobwerera mapoto? Anangoti, "Tandithandizani kuyang'ana ngati muli mbewu."

"Musadandaule, achimwene," anatero Bishop, akupinda manja a malaya. "Ikakhalamo ndiipeza. Ine experience ndili nayo."

Anayamba. Bishop ankatenga nsonga imodzi, kuitsegula ndi zikhadabo, kuifinya, kuiyang'anitsitsa pa getsi, kuinunkhiza atatsinzina, n'kuiika pambali. Chiukepo ankatenga yomweyo n'kuibwereza. Helen anaima chotsamira sinki atapinda manja, yunifolomu ya kuntchito asanavule. Mulu wa kumanzere unkachepa, wa kumanja unkakula. Kawiri konse Chiukepo anamva kolimba pakati pa zala, mtima n'kudumpha, koma kanali kamtengo chabe. Zala zawo zinada ndi utomoni mpaka kumamatirana. Bishop ankang'ung'udza motsitsa ngati munthu amene akumva nyimbo yomukhudza.

Nsonga yomaliza Bishop anaichedwera dala. Anaitembenuza uku ndi uku, naiphwanya yonse pa nyuzipepala, nasalaza ndi chala. Kenako anakankhira mpando kumbuyo, naimirira, nakonza kolala.

"Achimwene, ine ndayenda. Nkhotakota ndafika, Mzimba ndafika, Amsterdam ndinapitako pa Easter. Chinthu ngati ichi sindinachionepo. Mu England muno, panja, popanda greenhouse!" Ankalankhula ndi ulemu weniweni. "Ndafufuza paliponse. Mulibe mbewu ngakhale imodzi. Ngakhale imodzi, achimwene! Clean. Anthu amayesa zaka ndi zaka osakwanitsa, inu kamodzi kokha mwakhoza. Malemu anakuphunzitsani bwino."

Anatambasula dzanja. Helen anatembenukira kusinki n'kutsegula mpopi, ngakhale munalibe mbale yotsuka.

Chiukepo anayang'ana mulu uja, chamba chabwino koposa chimene mbewu ya bambo ake inaberekapo, ndiponso chomaliza. Anaimirira, nalandira dzanja la Bishop ndi manja awiri, monga amachitira munthu wolandira chipepeso pamaliro.

"Anandiphunzitsadi," anatero.